Phale Lomwe Unandipempha

Malota, Livingstone

Namakau mwana wanga,

Ndikulemba ndili kuseri kwa nyumba, pa kampando kaja kothyoka mwendo, moto wa mbiya ukuyaka patsogolo panga. Iwe wapita m'tauni kukatsanzikana ndi anzako a kuntchito, ndipo ndikudziwa kuti ubwera ukuseka, ngati kuti ulendo wa ku Amerika ndi wa pa Kazungula pompa. Zolemba zangazi uzipirire. Nyamakazi yandipinda zala, cholembera ndikuchigwira ngati mpini wa khasu. Pakamwa sindingathe kukuuza zimenezi, chifukwa ndikangoyamba iwe umati, "Mami, mwayamba futi," ine n'kupsa mtima, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ndiyambe ndi chimene chikupweteke. Phale la Anaphiri lija unandipempha kulibe. Ndinalisinja.

Tsiku limene anakuuza kuti akutenga kusukulu ya ku Arizona unandipeza ndikukanda dothi, unakhala pa chidebe n'kunena kuti, "Mami, nipaseniko chabe ka phale ka ba gogo niyende nako. Kuja kuli ma mashini, bangatiuze na kwamene dothi inachoka ku Malawi. Nizakasunga mu boksi, kulibe wamene azakagwira." Ine ndinati tiona. Mawu akuti kulibe amene adzaligwire ndi amene anandikhala pamtima. M'mawa mwake utapita kuntchito ndinaliika mumtondo, ndinalisinja mpaka linakhala ngati mchenga, ndinalithira lonse m'dothi n'kuumba kamtsuko kamodzi. Ndi kaja kakhala kakuuma pansi pa bedi langa, kamene unakaseka kuti kapendekeka ngati munthu wochokera kumowa. Tsopano kali pamotopa, pakati pa timiphika timene ndimaumbira a kuhotela. Kakatuluka bwino upita nako mawa. Kakaphulika ndiye kuti ndawononga ndi manja anga chinthu chomaliza chimene agogo anga anabwera nacho m'dziko lino. Mtima uli m'mwamba, n'chifukwa chake ndikuyang'ana pepala m'malo moyang'ana moto.

Usanandikwiyire, imva kaye. Anaphiri, amayi awo a amayi anga, iwe sunawaone. Anabwera kuno kuchokera ku Malawi nthawi ya atsamunda, kutsatira amuna awo amene ankagwira ntchito ya njanji. Katundu wawo anali mphasa, mwana kumbuyo, ndi mtsuko umodzi woumba amayi awo. Mtsukowo sunakhalitse m'komboni, wina anaugunda pampopi. Anaphiri sanataye mapale ake. Dothi la kuno ankalinyoza kuti n'louma mtima, limang'aluka likangoona moto, ndiye ankabenthula kachidutswa, kusinja, kuthira m'dothi la kuno. Woumba aliyense amadziwa kuti phale losinja limathandiza mbiya kupirira moto, koma mapale a ntchito imeneyo timangotola a miphika yathu yosweka. La Anaphiri linali la mbiya yoyamba ya chaka basi, mvula ikatha, ndipo tinkathiramo kongotsina ndi zala. Amayi anga anachita choncho, ine ndachita choncho, mpaka panatsala chidutswa chija chokwana m'dzanja, cha pakhosi pa mtsuko, chokhala ndi timizere timene Anaphiri ankati mphini. Palibe anandiuza kuti phale likadzatha tidzatani. Ndikuganiza kuti onse ankayesa kuti padzakhala mwana wina wamkazi atakhala pansi, miyendo atatambasula, dothi lili pakati, ndipo iyeyo adzadziwa chochita.

Mwana ameneyo anayenera kukhala iwe, Namakau. Koma iwe wawerenga mabuku zaka zonsezi kuti ukhale katswiri wa zinthu zosweka, ndipo mawa ukupita kukaphunzira mbiya za anthu ena. Kutchalitchi ndimanyada, ndimauza aliyense ngakhale sanafunse. Pakhomo pano ndimadandaula, ndisaname. Poti kupita upita ndithu, tenga zolakwa zangazi upite nazo, mwina zikakuthandiza kuposa juzi limene ndakugulira pa salaula, pa zovala za kaunjika paja.

Ndinalakwa tsiku loyamba lomwe unandionetsa mbiya zawo pa foni. Unati kudziko louma limenelo kunali anthu akale, makolo a anthu a Pueblo, amene ankamanga nyumba zamiyala pansi pa matanthwe, ndipo ankaumba ngati ife, popanda makina, kupota dothi ngati chingwe n'kumasanjikiza. Zoyera zolembedwa mizere yakuda zija ndinazisirira. Koma utafika pa mphika wina wamakwinya thupi lonse, zingwe za dothi zikuonekera, paliponse potsinidwa ndi chala, ndinaseka mpaka kutsokomola. Ndinati, "Mlesi uyu, analibe mwala wokulungizira? Amayi anga akanamubweza nawo." Iwe unandiyang'ana n'kunena kuti, "Mami, ni dala. Mukati ni mosalala. Kunja banasiya so, ndiye mwamene benze kufunira." Ndinatenga foniyo, ndinakulitsa chithunzi ndi zala monga unandiphunzitsira, ndipo ndinaona kuti kutsina kulikonse n'kofanana ndi kunzake, kuzungulira mphika wonse, osaphonya. Ine ndi zaka zanga zonse zoumba sindingathe zimenezo. Ndinachita manyazi pamaso pa mayi amene anafa kalekale. Pakamwa pako ndi ngati panga, mwana wanga, pamathamanga kuposa maso. Ukaona chinthu chachilendo kumeneko, kaya chakudya, kaya mapemphero, kaya kavalidwe, uyambe wachiyang'ana kawiri. Ngati n'choseketsa ndithu, ukaseke ukafika kuchipinda kwako.

Madzulo omwewo unandiuza za Ahopi, ndipo zimenezo sizinandichoke m'mutu. Unati anthu ambiri ankalemba kuti anthu akale aja anasowa, koma Ahopi, amene mpaka lero amakhala pamwamba pa mapiri athyathyathya, amati amenewo ndi makolo awo, sanasowe, anangosamuka, ndipo mabwinja ndi mapale ndi mapazi amene anasiya panjira. Unati panafika nthawi imene amayi ena a kumeneko anayamba kuyang'anitsitsa mapale a m'mabwinja a makolo awo, n'kubwezera mapiko ndi nthenga za mbalame zija pa mbiya zatsopano zachikasu, kulemba ndi tsamba lotafunidwa kunsonga, kuotcha panja ndi ndowe za nkhosa. Unatinso ena mwa anansi awo amasinja mapale akale n'kuthira m'dothi latsopano. Pamenepo ndinakubwezera foni, iwe unayesa kuti ndatopa. Sindinatope ayi. Ndinkaganiza kuti kutali konseko kuli amayi odziwa zimene ine ndimadziwa, ndipo mwana wanga akwera ndege kuti akazimve kwa iwo, chonsecho mtondo uli pakhomo pano. Zinandiwawa, ndipo zikundiwawabe.

Kulakwa kwina kunachitika iwe uli kumbuyo kwanga, usanayambe kuyenda. Chaka chimenecho mapale osinja anandithera, anthu ofuna mbiya ali ambiri. Ndinapita kukakumba dothi kudambo lina kunja kwa tauni, ndipo pobwerera ndinadutsa pa kamtunda pamene mapale anali mbwee pansi pa mitengo, okhuthala, ootchedwa bwino. Ndinati Mulungu wandiona, ndinadzaza dengu. Ndisanafike pamsewu ndinakumana ndi bambo wina akuweta ng'ombe. Anasuzumira m'dengu, nkhope yake inasintha.

"Ba mayi, mwavitenga kuti ivi?"

Ndinaloza.

"Paja ni pa manda. Bamayi banga bali paja. Izo mbiya tinaika ise."

Sanandikalipire, ndipo zikanakhala bwino akanandikalipira. Anangoima, ndodo ili m'manja, mpaka ndinatembenuka, iye n'kumanditsatira. Vuto linali lakuti sindinkadziwa kuti phale liti ndinalitola pa manda ati. Ndinagwada n'kumayesa kulumikiza chidutswa ichi ndi icho, dzuwa likundiotcha, iwe ukulira, bamboyo akungoyang'ana. Ena ndinawabwezera pa munthu wolakwika, ndikudziwa, ndipo ali pomwepo mpaka lero. Iwe ukupita kumene mapale ali m'madirowa, lililonse ndi nambala yake. Nambala isakupusitse. Phale lililonse lili ndi mwini, ndipo ena mwa eni akewo ali moyo, akuyenda ndi mafoni ngati iwe. Akakutengera kumabwinja awo, manja ako akhale m'thumba. Ukafuna kugwira, funsa. Akati ayi ndi ayi, ngakhale aphunzitsi ako atanena kuti pepala lawo likulola.

Ba Mutinta a kuseriku, ogulitsa vitumbuwa aja, ndi amene andisanjira moto lero, poti ine makungwa ndi ndowe zouma sindingathenso kunyamula bwino. Angobwera kumene kudzaponya udzu pamwamba, andipeza ndikupukuta mphuno. Akuti, "Bana Namakau, lekani kulemba, muzakweza bipi. Mwana ayenda ku sukulu, sanafe iyayi." Ndawauza kuti ndi utsi. Iwo akuti utsi ukupita kwa iwo, osati kwa ine. Sakudziwa zimene zili m'kamtsuko kaja, ndipo sindinawauze, chifukwa akanathamanga kukakuuza usanafike pa siteshoni ya minibasi.

Tsopano imva cholakwa chimene chikukhudza kwambiri ntchito yakoyo, poti iwe udzakhala wolemba. Kale ndinkagulitsa ndekha ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, pakati pa ogulitsa ziboliboli. Tsiku lina mzungu wina wamkazi ananyamula mtsuko wanga, anayendetsa chala pa mphini za pakhosi, n'kufunsa kudzera mwa wowaperekeza kuti zimatanthauza chiyani. Ine sindinkadziwa. Anaphiri sananenepo, ndipo amayi anga ndikawafunsa ankati timalemba choncho basi. Koma ndinaona kuti ndikati sindikudziwa mayiyo aubweza pansi mtsukowo, tsikulo ndisanagulitse kanthu. Ndiye ndinati mizere yokhotakhotayi ndi madzi akugwa, timadonthoti ndi utsi wa mathithi, mzere wa pamwambawu ndi utawaleza. Tangoganiza, mphini zochokera ku Malawi, zoyambidwa ndi mayi amene mathithiwo sanawalotepo n'komwe! Mzungu anasangalala, anagula, ine ndinadziona wochenjera. Posakhalitsa ndinamva oyandikana nawo akuuza alendo awo nkhani yomweyo. Kenaka ndinaipeza itasindikizidwa pa kakhadi kokongola mu shopu ya hotela ina. Chaka chatha ndinaima pa benchi la mayi wina wachichepere amene anakopera mphini zathu pa timiphika take, ndinamufunsa dala tanthauzo lake. Anandiyankha mosaphethira, "Ba mayi, aya ni ma Folozi, mathithi yathu yaja, ni mwambo wa kuno wa kudala maningi." Ndinati si zoona, ndinapeka ndine. Anandiyang'ana ngati wamisala, akuti, "Awe, imwe simuziba." Ndinabwerera kunyumba mutu uli pansi. Tanthauzo lenileni, ngati linalipo, linafa ndi Anaphiri, ndipo bodza langa ndi limene lakhala pampando wake.

N'chifukwa chake ndikuti, Namakau, mayi wa Chihopi akakana kukuuza tanthauzo la nthenga zake, ulembe kuti sananene. Usamuthandize. Usamuikire mawu okoma kuti pepala lako lidzaze. Komanso usamupanikize ndi mafunso pamene akufuna kuti umugule, chifukwa munthu wofuna kugulitsa amakupatsa yankho limene akuona kuti ukulifuna, ine ndine mboni. Kumene sukudziwa lemba kuti sukudziwa. Akakuseka aphunzitsi, aseke. Bodza lolembedwa bwino silifafanizika, ndaona ndi maso anga.

Kanthu kena kakang'ono, koma ndikuuze. Utandionetsa mbalame za Ahopi zija ndinasilira, ndipo ba Mutinta anandinyengerera, "Koperani chabe, bazungu bazagula monga vitumbuwa." Tsiku lina iwe kulibe ndinayesa kulemba phiko limodzi pa mbale yaiwisi. Linatuluka ngati nkhuku yogundidwa ndi galimoto. Ndinalifafaniza msanga, osati chifukwa cha kunyansa kokha. Ndinakumbukira mmene ndinamvera pa benchi la mayi wachichepere uja, kuona mphini za Anaphiri pa timiphika ta munthu amene sadziwa n'komwe dzina lawo. Mbalame zimenezo zili ndi mabanja ake. Uzione, uzikonde, uzijambule ngati akulola, koma usabwere nazo kuno kuti ndi zako.

Cholakwa chachikulu ukuchidziwa kale, sichinabisikepo. Uli wamng'ono unkabwera kudzakhala pambali panga, n'kumapota timichira ta dothi pa ntchafu, ine n'kumakuthamangitsa kuti choka, pita ukawerenge. Bambo ako ba Mubita atamwalira ndinalumbira kuti mwana wanga sadzakhala ndi maso ofiira ndi utsi kapena zidendene zong'aluka ndi matope a kudambo. Sukulu sindikunong'oneza nayo bondo. Chimene chimandipweteka n'chakuti ndinkayesa kuti munthu sangagwire buku ndi dothi pamodzi, ngati kuti ali ndi dzanja limodzi. Kenaka mbiya zinakupezanso zokha, kuseri kwa magalasi a kumalo osungirako zakale kumene unayamba ntchito. Chaka chatha unandipempha kuti ndikuphunzitse. Tinakhala pansi, unapota bwino, unasanjikiza bwino, koma titafika pokweza khosi ndinakukalipira kuti manja ako ndi olemera ngati a womanga nyumba, ndinakulanda dothi. Unalowa m'nyumba, ndipo sunapemphenso. Manja ako analibe vuto. Zala zanga ndi zimene zinakana kupinda kuti ndikuonetse, ndipo ndinachita manyazi kuti uone. Ukadzakalipiridwa kumeneko ndi munthu wamkulu popanda chifukwa, usathawe msanga ngati unandithawira ine. Ubwerenso mawa lake. Mwina nayenso pali chimene chikumukana.

Zina ndi zimene mayi aliyense amanena, ndipo uzimva ngakhale ukupotoza maso. Unati kumeneko ndi chipululu koma kumagwa chisanu choyera, ine sindikumvetsa, koma juzi uvale. Uzidya chakudya chenicheni, osati mabisiketi ndi tiyi monga umachitira ukakhala ndi mayeso. Upeze tchalitchi, ngakhale akamayimba ngati ali pamaliro. Mnyamata akakuuza kuti amakonda Afrika umufunse kuti iti. Ukadwala unene, usachite zako zija zoti "nili chabe bwino" mawu akunjenjemera. Ukasungulumwa usadzitsekere m'chipinda, pita kumene kuli anthu ukakhale ngakhale osalankhula. Foni uziimba Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi, ndipo usandionetse nkhope yokha, undionetse ndi m'khitchini mwako kuti ndione ngati ukunama. Ndipo funsa, mwana wanga. Usanagwire funsa, usanalembe funsa, usanajambule

Namakau, chaphulika china.

Ndasiya mzere uja pakati. Ndaimirira, ndakhalanso, palibe chimene ndingachite. Moto wa mbiya suusokoneza ukadali wolusa, ukatero mphepo imalowa n'kuswa ndi zotsala zomwe. Ndiyenera kudikira kuti ugwe wokha. Ba Mutinta asuzumira pampanda, akuti, "Ni kamozi chabe, mwandi, tuli twambili twambili tuja twa ku hotela." Ndawavomera ndi mutu. Koma khutu langa lakalambira pa moto umenewu. Kamphika kakang'ono kakaphulika kamangoti thi, ngati chimanga chokazinga. Kumeneku kunali kulira kwa chinthu chokhala ndi mimba. Ndikuyesa kudziuza kuti mwina ndi khungwa lalikulu lathetheka, mwina ndi mwala unatsalira m'ndowe. Ndikupemphera pemphero lopusa, lopempha Mulungu kuti asinthe chinthu chimene chachitika kale. Ndilembanso moto ukazirala.

Ndabweranso. Taphula ndi mtengo wautali, ba Mutinta akukankha phulusa, ine ndikuloza. Timiphika ta kuhotela tonse tatuluka bwino, tofiira, tolira bwino ukatigogoda, timene ndimaumba ndikuganiza zina. Kamtsuko kako kasweka. Kang'aluka paphewa, mbali yomwe ija inapendekeka, khosi lagwera mkati, thupi lagawanika. Ndatola chidutswa chimodzi chitazirala ndipo ndaona chifukwa chake. Pamenepo dothi linatsala lokhuthala, chala changa chachikulu sichinathe kulikanikiza, ndiye mkati simunaume. Si dothi, si nkhuni, si mphepo. Phale la Anaphiri lapirira moto wa amayi atatu, ladzathera pa chala changa.

Ndalira, mwana wanga, kulira kwenikweni kokhala pansi m'phulusa. Ba Mutinta akuti, "Tingamate na gluu, kuja sibazaziba." Ndawauza nkhani yonse. Apita kukanditungira madzi osamba m'maso. Ndinkafuna kuti upite ndi chinthu chathunthu, choti ukaike pawindo, ukachiyang'ana uziti amayi anga anali woumba. Ukanakhala ndi phale lija m'bokosi mwina makina ako akanakuuza mudzi wa Anaphiri, umene ine sindiudziwa. Zimenezo ndakulanda, ndipo sindingakubwezere. Ukafuna kukwiya kwiya, uli ndi chifukwa. Ndingokupempha kuti ukwiye uli m'ndege, mawa pa basi tisiyane bwino.

Zidutswa ndazitola zonse, ndasefa ndi phulusa lomwe kuti pasatsale kanthu. Poyamba ndinati ndizisunge m'chitini, chaka chamawa mvula ikatha nditsineko pang'ono monga mwa nthawi zonse. Kenaka ndayang'ana zala zangazi ndipo ndasiya kudzinamiza. Chaka chamawa kulibe mbiya yoyamba pakhomo pano. Timiphika tosalala ta alendo mwina ndingapitirize pang'ono, koma mtsuko wa khosi ndaumba womaliza, ndipo ndi umene wasweka lerowu.

Ndiye zidutswazo ndazikulunga m'kansalu, ndikuziika m'chikwama chako usanabwere, pansi pa nsapato za kutchalitchi. Unati dothi laliwisi salola kulowa nalo m'dziko mwawo, koma chootcha amalola. Izi zapsa, ngakhale zapsa moipa. Akakufunsa pa eyapoti uwauze zoona, kuti ndi mtsuko wosweka wa amayi ako. Kusukulu kwako sizikakuthandiza kanthu. Si zakale, wozipanga akadali moyo, dothi lake ndi losakanizika, la ku Malawi ndi la kudambo la kuno, makina ako akangosokonezeka nazo. Sizokongola zoti n'kuika pawindo. Palibe amene angakupemphe kuti aziike m'dirowa ndi nambala. Ntchito imene zatsala nayo ndi imodzi yokha, ndipo ukuidziwa.

Sindikukukakamiza. Ukaona kuti moyo wako ndi wa mabuku okha, uzisunge mpaka udzabwere, udzandiikire pamanda monga anachitira bambo wa ng'ombe uja ndi amayi ake, ndipo nkhani ya Anaphiri idzathere pamenepo mwaulemu. Koma tsiku lina manja akadzakuyabwa, upeze dothi kumeneko, upemphe eni ake, ubenthule kachidutswa kamodzi, usinje ndi mwala uliwonse. Ukatero undiimbire ngakhale si Lamlungu. Uimike foni pamene ndingaone manja ako. Kukuonetsa sindingathenso, koma maso akadali bwino, ndipo ndikuuza pamene pakhuthala. Sindidzakukalipira.

Geti lalira, ndiwe. Ndipinde pepalali ndisambe m'maso. Usachedwe kwambiri kuligwira dothilo, Namakau, zala zinayamba kale kundikana, sindikudziwa chotsatira n'chiyani.

Ndine mayi ako,
Esinati